Gaga wa Phiri Lathu

Mfunda wanga ndine Phiri. Ndili mwana, anganga ankandiuza kuti makolo athu atafika m'dziko lino ena anakagona pamwamba pa phiri ndipo anatchedwa a Phiri, pamene ena anabanda udzu m'munsi mwake n'kugona pomwepo, ndipo amenewo ndiwo a Banda. Iwo anali Nabanda, tsono akafuna kundiseka ankati, "Inu a Phiri, pakadapanda ife okugwirirani m'munsi bwenzi mutagwa kalekale." Ponena mawuwa ankaloza kaphiri kamene kanali kuseri kwa mudzi wathu, m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula, ulendo wosakwana ola limodzi panjinga kuchokera pa Nsaru. Lero kaphiriko kulibe, ndipo ine mwana wa a Phiri ndili m'gulu la anthu amene anakagulitsa.

Dera lathu ndi lachidikha. Ukaima pakhomo m'mwezi wa Ogasiti anthu atakolola, maso amapita kutali osakumana ndi kanthu koma zigafa za fodya, mitengo ya mango ndi timisitu ta kumanda. N'chifukwa chake kaphiri kathu, ngakhale kanali kakang'ono koti mnyamata ankatha kukwera ndi kutsika nsima isanapse, kwa ife kanali chinthu chachikulu. Pa mapu a kusukulu sikankaoneka. Tinalibe ndi dzina lomwe lokatchulira, tinkangoti Kuphiri. Mwana akasowa pakhomo ankati ali Kuphiri. Mbuzi ikasochera, woifuna ankayambira Kuphiri.

Kumeneko kunali mitengo ya mombo, mitondo, miwanga ndi misuku. Luzi lomangira nkhokwe linkachokera kumeneko, udzu wofolera nyumba chimodzimodzi. M'mapanga munkakhala mbira, m'tsinde munkaikira nkhanga. Mvula ikagwa kawiri katatu amayi ankalawirira ndi malichero kukazula bowa wa utale ndi manyame, ife ana tili pambuyo kutola matondo. Panali thanthwe lalikulu losalala pamene ankayanikapo mphale ndi ufa, komanso pamene anyamata tinkakhalapo madzulo n'kumawerenga magalimoto odutsa kutali. Koma choposa zonse chinali kasupe amene ankatuluka pansi pa mwala mbali ya kum'mawa. Madzi ake sankaphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo ankatsikira kudambo kumene banja lililonse linali ndi dimba. Lamulo la Kuphiri linali limodzi: mtengo wauwisi sunkadulidwa popanda kuuza nyakwawa.

Ndisanafotokoze mmene kaphiriko kanathera, ndiloleni ndikambeko za gaga, amene anzathu a kum'mwera amati madeya. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti mayi akakonola chimanga mumtondo n'kupeta, mphale imatsala m'lichero ndipo gaga amagwa pansi. Chaka cha zokolola zambiri gaga ndi wa nkhumba ndi nkhuku, kapena amapita kwa otcheza kachasu. Munthu wodzilemekeza sankafuna kuti anzake amve kuti kunyumba kwake kwaphikidwa nsima ya gaga.

Kenaka inafika njala ya 2002. Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba kumene ntchito ya uphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Nambuma. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale kalasi langa linkachepa tsiku ndi tsiku, ndipo ana amene ankabwera ankangogona pamadesiki. Chimanga m'misika chinasowa, chikapezeka mtengo wake sunali wa mphunzitsi. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ya njala, n'kuti anthu atayamba kale kukumba zitsa za nthochi n'kumasinja kuti apeze ufa. Gaga uja wa nkhumba anasanduka chakudya cha mtengo wapatali, choyezedwa m'kambale pamsika, ndipo anthu ankakanganirana.

Kwathu maliro tinaika, sindikana, koma sanachuluke ngati m'midzi ina yoyandikana nafe. Chinatipulumutsa ndi Kuphiri. Chimanga cha kudimba chimene chinadzalidwa mu Seputembala ndi madzi a kasupe chinali chitacha pamene cha kumunda chinali chisanamasule n'komwe. Amayi ankazula bowa m'mamawa, kupita naye pa Nsaru, kugulitsa n'kugula kambale ka gaga. Anganga ankadziwa mizu ya kutchire imene imadyedwa ukaiwiritsa ndi kutaya madzi kangapo, ndiponso ankadziwa imene imapha. Ndikafika kumudzi Loweruka ankandipatsa nsima yakuda ya gaga ndi bowa wopanda mchere, ndipo ndinkadya mpaka kunyambita zala. Chaka chimenecho ndikadayenera kuphunzira kuti amene amatcha chinthu kuti n'chotaya ndi munthu wokhuta. Koma mimba ikadzaza mutu umaiwala.

Patapita zaka zingapo m'mudzi mwathu munafika galimoto yoyera, mutakwera anthu ovala zipewa zolimba. Anakwera Kuphiri ndi tinyundo, anagogoda miyala uku ndi uku, n'kubwerera. Ulendo wachiwiri anabwera ndi pepala. Anali a kampani ina yomanga misewu, ndipo anati mwala wa paphiri lathu ndi wolimba bwino, woyenera kuphwanya kwale. Nyakwawa ya mudzi wathu anali atsibweni anga. Poona kuti pepalalo linali m'Chingerezi ananditumizira uthenga: "Mphwanga, tinakutumiza kusukulu kuti udzikhala maso athu. Bwera udzatiwerengere."

Ndinapita monyada, nditavala tayi. Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango, abambo pamipando, amayi pamphasa chakumbuyo. Ndinawerenga ndime ndi ndime, ndikumasulira. Kampani idzapereka chipukuta misozi kwa eni minda yogundana ndi phiri. Idzakumba mjigo. Idzalemba ganyu anyamata a m'mudzi. Anthu ankaomba m'manja. Kenaka ndinafika pa mawu amene ndinali ndisanakumanepo nawo, akuti overburden. Mmodzi wa alendowo anandinong'oneza kuti ndi zonse zimene zimakhala pamwamba pa mwala wofunikawo. Ine ndinatembenukira kwa anthu n'kunena kuti, "Apa akuti poyamba adzachotsa zapamwamba zopanda ntchito, n'kuzitaya pambali kuti apeze mwala."

Anganga anakweza dzanja kuchokera pamphasa paja. Monga mwa chizolowezi cha agogo ndi mdzukulu wamwamuna, ankanditchula kuti amuna awo.

"Amuna anga, tabwerezani pamenepo. Zopanda ntchitozo ndi ziti?"

"Dothi, mitengo ndi zitsamba, anganga," ndinatero. Ndipo pofuna kuonetsa luso langa lomasulira ndinaonjezera kuti, "Tingoti ndi gaga chabe. Iwowa akufuna mphale."

Anthu anaseka, alendo aja nawonso anaseka atauzidwa zimene ndinanena. Anganga sanaseke. Anangoti, "Oho. Mwaiwala msanga." Atsibweni anasaina, ine ndinasaina ngati mboni.

Sipanathe mwezi, akatapila anafika. Anayambira pamwamba, kugwetsa mitengo ndi mizu yomwe. Anthu anapempha kuti atoleko mitengoyo, ikhale milimo ya zigafa ndi nkhuni, koma malowo anali atatchingidwa kale ndi waya, ndipo alonda anati munthu wamba saloledwa kulowa kaamba ka mabomba. Mitengo imene tinaisunga zaka zonsezo popanda kuikhudza ndi nkhwangwa inaunjikidwa pamodzi n'kutenthedwa. Moto wake unayaka masiku atatu, ife tikuonerera kunja kwa waya, madzulo amayi akuphikira zitsononkho ndi mapesi.

Dothi la pamwamba lija, lakuda, lonunkhira masamba owola, analikankhira mbali ya kum'mawa chifukwa ndiko kunali kotsetsereka ndiponso kufupi. Pamwamba pake anathirapo miyala yofumbutuka imene sinkawathandiza. Pansi pa mulu umenewo ndi pamene panali kasupe wathu. Palibe anachita zimenezi chifukwa cha nkhanza. Woyendetsa katapila anali mnyamata waulemu amene ankagula mandasi kwa mlongo wanga. Iye anauzidwa kuti ataye zopanda ntchito, ndipo anazitaya pamalo pamene mafuta sakanatha ambiri.

Kenaka anayamba kuphulitsa mwala. Wenzulo ikalira masana aliyense ankathawira m'nyumba, nthaka n'kugwedezeka, nkhuku n'kubalalika. Nyumba za njerwa zimene anthu anamanga ndi ndalama za fodya zinachita ming'alu. Fumbi la chigayo cha miyala linkatera pa masamba a fodya ndi pa ufa woyanika, ndipo chifuwa sichinkatha pakati pa ana. Matipa ankatuluka usana ndi usiku. Mvula yoyamba itagwa, mulu uja unasungunuka n'kutsikira kudambo, ndipo madimba anakwiririka ndi mchenga ndi timiyala.

Msewu utatha, kampani inapakira katundu wake n'kupita. Pamene panali phiri panatsala chidzenje cha madzi obiriwira, mmene munamira ng'ombe ya atsibweni ndipo mumaswana udzudzu chaka chonse. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti ngakhale mphale imene ankaifunayo sanaimalize. Anasiya milu ya kwale ndi miyala ikuluikulu yophulitsidwa kale imene analibe nayo ntchito. Mpaka lero amayi ena a kwathu, amene kale ankagulitsa tomato ndi mpiru wa kudimba, amakhala padzuwa ndi nyundo kuphwanya miyala yotsalayo kuti agulitse pa wilibala. Mjigo anakumbadi, koma ukaonongeka pamafunika msonkhano ndi zopereka, pamene kasupe sankafuna sipeyala. Ndalama za chipukuta misozi zinagula njinga, mawailesi ndi malata, ndipo njingazo zinatha kalekale.

Anganga sanandikumbutsepo za tsiku lija ngakhale kamodzi. Ndikadakonda akadandikalipira. Atadwala matenda awo otsiriza anapempha madzi a Kuphiri, ndipo tinawapatsa a pamjigo osawauza. Analawa pang'ono n'kubweza chikho.

Komabe ndinganame ndikanena kuti kwaleyo sanatipindulire kanthu. Usiku wina wa mvula mayi anga atadwala mwakayakaya, galimoto inatha kufika nawo kuchipatala chifukwa cha msewu wa phula, pamene kale tikadawanyamula pangolo n'kutitimira m'matope. Nyumba imene ndinamanga mumzinda wa Lilongwe nayonso yakhala pa maziko a kwale, ndipo kwale ameneyo anachoka paphiri la anthu ena amene sindinawafunsepo kuti kasupe wawo ali bwanji. Walira mvula walira matope. Sindikunena kuti mwala usakumbidwe. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti zambiri zimene tinataya sizinkafunika kutayika. Dothi likadatha kuunjikidwa padera kuti lidzabwezedwe. Mulu ukadatha kupita kumadzulo kumene kunalibe madzi. Anthu akadatha kupatsidwa sabata ziwiri kuti adule mitengo ndi kumweta udzu. Dzenje likadatha kukwiriridwa ndi miyala yotsala ija. Zonsezi sizinali m'pepala, chifukwa amene anatumidwa kukhala maso a mudzi anali wotanganidwa ndi kuonetsa tayi.

Patapita nthawi, ndikuchita maphunziro oonjezera, ndinapeza kuti zimene zinachitika kwathu ndi kamwana chabe ka zimene zimachitika kwina. Ku America kuli mapiri otchedwa Appalachia, ndipo m'zigawo za West Virginia ndi Kentucky muli malasha oyalana m'kati mwa mapiriwo. Kuyambira zaka za m'ma 1970 makampani anaona kuti kukumba ngalande zolowa pansi n'kodula ndipo kumafuna antchito ambiri, choncho anayamba kudula mitu ya mapiri. Amagwetsa nkhalango, ndipo nthawi zambiri mitengoyo amaitentha kapena kuikwirira m'malo moicheka matabwa. Kenaka amaphulitsa mutu wa phiri, mwina mamita oposa 100 kupita pansi, n'kukankhira zonsezo m'zigwa zoyandikana nazo. Mapiri oposa 500 aphwasulidwa motere, ndipo timitsinje totalika makilomita oposa 3,000 tikaphatikizidwa takwiririka kapena kuonongeka. Lamulo loti malo okumbidwa azikonzedwanso analikhazikitsa mu 1977, koma pamalo ambiri pamene panali nkhalango pamangomera udzu. Mawu amene amatchulira mutu wa phiri wochotsedwawo ndi omwe aja amene anandipunthwitsa pansi pa mtengo wa mango. Ndinadabwa kuona kuti ngakhale m'dziko lolemera chotero, la maloya ndi manyuzipepala ochuluka, anthu a kumapiri anauzidwa kuti nkhalango yawo ndi gaga.

Sitifunikanso kuoloka nyanja kuti tione zimenezi. Ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kampani ya Vale ya ku Brazil inatsegula mgodi waukulu wa malasha mu 2011. Mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa m'zaka za 2009 ndi 2010, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchoka kwawo. Anapatsidwa nyumba za malata, koma anadandaula kuti nthaka ya kumeneko ndi youma ndi yamiyala, madzi ndi osowa ndipo msika uli kutali. Mu Januwale 2012 anthuwo anakakhala pa njanji kutsekereza sitima ya malasha. Pofika 2022 Vale inali itagulitsa mgodiwo kwa kampani ina n'kuchoka. Kampani imatha kugulitsa mgodi n'kubwerera kwawo, koma mlimi wa ku Cateme alibe womugulitsa nthaka yamiyala ija.

Kuno kwathu tinaona za Kayelekera ku Karonga. Mgodi wa uranium unatsegulidwa ndi kampani ya Paladin mu 2009, tonse tikuti umphawi watha. Mu 2014 unaima chifukwa mtengo wa uranium unagwa pamsika wa dziko lonse, ndipo unakhala chiimire mpaka 2025 pamene eni ake atsopano, a Lotus Resources, anauyambitsanso. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti m'zaka 6 dziko lathu linataya misonkho yokwana madola 43 miliyoni kaamba ka mmene mgwirizano ndi misonkho ya mgodiwo zinakonzedwera. Apa phunziro ndi lina: ukapanda kuwerenga bwino pepala, ngakhale mphale yeniyeniyo suilawa.

Ndisaloze alendo okha chala. Ifenso eni dziko timadziwa kutaya. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe ndiponso kumene makolo athu amati kuli Kaphirintiwa, tinaitentha makala mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Makalawo ena anapsa pa mbaula yanga. Maovuni a njerwa adya dothi la m'madambo ndi mitengo ya mango yomwe. Kafukufuku wina anapeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse m'dziko muno inkataya matani 29 a dothi pachaka chifukwa cha kukokoloka, pamene kuti dothi lachonde lokhuthala ngati chala lipangike pamapita zaka mazanamazana. Kusiyana kwake n'kwakuti chimene khasu ndi nkhwangwa zimaononga m'mbadwo wonse, katapila amachimaliza pa mwezi umodzi.

Chandichititsa kulemba zonsezi ndi lamya imene ndinalandira kuchokera kwa msuweni wanga amene ali pa chikamwini kufupi ndi Kasiya, kumpoto chakumadzulo kwa boma la Lilongwe, dera loyandikana ndi kwathu. "Asuweni," anatero, "kuno nkhani ndi ya mgodi yokhayokha. Mubwere mudzatithandize kumva, inu ndinu ophunzira." Mtima wanga unagunda, chifukwa mawu amenewa ndinawamvapo kale.

Ku Kasiya kulibe phiri loti adule mutu. Chimene chapezeka kumeneko chili m'dothi lenilenilo la minda. Kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals inapeza rutile ndi graphite m'dera loposa masikweya kilomita 200. Rutile ndi timchenga tolemera timene amapangira utoto woyera wa penti, ndodo zowotcherera zitsulo ndi chitsulo chopepuka koma cholimba cha titanium chimene chimagwira ntchito m'ndege. Graphite ndi uja wakuda wa m'pensulo, amene masiku ano akufunidwa kwambiri popanga mabatire a magalimoto oyendera magetsi. Malinga ndi chiwerengero cha kampaniyo cha 2023, kumeneko kuli matani 1.8 biliyoni a dothi lokhala ndi miyalayi, ndipo akuti padziko lonse sipanapezeke malo ena okhala ndi rutile wachilengedwe wochuluka chotere. Chaka chomwecho kampani yaikulu ya Rio Tinto inagula magawo 15 pa 100 alionse a Sovereign Metals, ndipo inaonjezera mu 2024.

Nambala imene ine ndinaigwira ndi iyi: pa mafosholo 100 alionse a dothilo, rutile ndi fosholo imodzi yokha, graphite ndi fosholo imodzi ndi kachidutswa. Mapulani amene kampaniyo inalengeza kumayambiriro kwa 2025 anali akuti mgodi ukadzafika pachimake uzidzakumba matani 24 miliyoni pachaka, n'kupezamo rutile ndi graphite wokwana pafupifupi matani theka la miliyoni, ndipo ntchitoyi idzatenga zaka 25 poyambira. Kunena mwa chimudzi, pa mafosholo 100, oposa 97 ndi gaga. Ndipo gaga ameneyu ndi munda wa msuweni wanga, mmene amakolola chimanga, mtedza, soya ndi fodya.

Chilungamo chimafuna kuti ndinene kuti a Kasiya sanachite monga anachitira a kwale aja. Mu 2024 anakumba dzenje loyeserera lakuya mamita 20, analikwiriranso, n'kukonza nthaka ndi laimu, feteleza ndi zina, ndipo alimi a komweko anadzalapo chimanga ndi nsungwi. Kampaniyo inalengeza kuti pamalopo panatuluka matani oposa 5 a chimanga pa hekitala, pamene alimi ambiri a m'deralo amapeza pafupifupi tani imodzi. Ngati zidzayende chomwecho pa munda uliwonse kwa zaka 25, ndidzakhala woyamba kuvula chipewa. Dziko lathu likusowa ndalama zakunja zogulira mankhwala, mafuta ndi feteleza, ndipo anyamata athu akutha kupita ku Johannesburg kukafuna ganyu. Munthu amene angawauze kuti chumacho chingokhala pansi osachikhudza ayambe wawapatsa chochita.

Koma dzenje limodzi loyeserera, loyang'aniridwa ndi akatswiri pamene dziko lonse likuonerera, ndi losiyana ndi minda ya midzi yambirimbiri m'chaka cha 15 cha mgodi, mtengo wa rutile utagwa kapena mgodi utagulitsidwa kwa eni ena. Izi sindikunenera kampani iliyonse zoipa. Ndikungokumbukira za Kayelekera ndi Moatize, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono ndikapita kwa msuweni wanga sindikanyamula yankho lakuti inde kapena ayi. Ndikanyamula mafunso amene ndinalephera kufunsa kwathu. Dothi la pamwamba mudzaliika pati, ndipo adzaonetsetse ndani kuti silikusakanizidwa ndi la pansi? Munda wa munthu udzakhala m'manja mwanu nyengo zingati, ndipo m'nyengo zimenezo banja lake lidzadya chiyani? Ukadzabwezedwa, udzabwerera kwa mwini wake yemweyo ndi malire ake omwewo? M'dera lathu munda umayenda ndi mbumba, tsono dzina lolembedwa pa chipukuta misozi lidzakhala la mayi mwini munda kapena la mkamwini? Madzi otsukira dothi lochuluka chotero adzachokera kuti, ndipo zitsime ndi madambo a kumunsi zidzatani? Nanga manda ndi dambwe? Nthaka yokonzedwayo ikadzafooka patapita zaka 5, laimu ndi feteleza adzagula ndani? Ndipo ndalama zokwirira dzenje lomaliza zasungidwa kuti, kuti zidzapezeke ngakhale kampani itagwa kapena kuchoka?

Mafunso otere si mwano, ndiponso si kudana ndi chitukuko. Malamulo a dziko lino ali kumbali ya wofunsa. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati imeneyi isanayambe pachitike kafukufuku wa mmene idzakhudzire malo ndi anthu, ndipo anthuwo amvedwe. Lamulo la migodi limafuna kuti mwini mgodi waukulu apangane ndi anthu ozungulira za chitukuko cha dera lawo. Kuyambira 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma likugwira ntchito. Koma lamulo lili ngati khasu, silimalima lokha. Pamafunika munthu woti aimirire pamsonkhano n'kunena kuti, "Tabwerezani pamenepo."

Ndipo pempho langa kwa anzanga amene tinapita kusukulu, amene timaitanidwa kukawerengera makolo athu mapepala, ndi lakuti tichepetse liwiro. Tikakumana ndi mawu achilendo tisafunse mwini pepala yekha tanthauzo lake. Tifunsenso amayi a pamphasa, chifukwa ndiwo amadziwa kumene kumachokera madzi, nkhuni ndi ndiwo. Wogula amawerenga zimene zakwera pa tipa. Zimene zatsala pansi, ngati eni mudzi saziwerenga, palibe wina adzaziwerenge. Mwala ukapita wapita, ndalama yake imadyedwa kamodzi. Kasupe, bowa ndi dimba zimabereka chaka ndi chaka, ndipo zimaonetsa mtengo wake weniweni chaka cha njala, pamene ndalama ilibe chogula.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukaona atsibweni, amene tsopano akalamba ndipo maso awo sakuonanso bwino. Madzulo ndinayenda ndekha kupita kumene tikutchulabe kuti Kuphiri, ngakhale ana obadwa masiku ano amadabwa kuti phirilo lili pati. Ndinazungulira chidzenje chija mpaka mbali ya kum'mawa. M'munsi mwa mulu uja ndinapeza malo onyowa, patamera bango ndi udzu wobiriwira pakati pa chilimwe. Anyamata awiri, adzukulu a mlongo wanga, anali atafukulapo kadzenje ndi manja, ndipo madzi ankadzaza pang'onopang'ono. Nditabwerera ndinawauza atsibweni. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, ukadzabweranso udzabwere ndi mafosholo. Koma uyambe wapita ku Kasiya, ndipo tayi ukamusiye kunyumba."